Stagger, wobble, waver kapena dither: kusankha mneni wa Chingerezi munthu akamadzandira kapena akagwira njakata

Wophunzira Chingerezi akatsegula mtanthauziramawu kuti apeze mneni wa kudzandira, amapatsidwa mulu wonse: stagger, totter, teeter, lurch, reel, stumble, wobble, sway. Akafuna wa kukayikakayika amapezanso mulu wina: hesitate, waver, falter, vacillate, dither. Mawuwa amaikidwa mzere umodzi, ndipo wolemba amene ali pachangu amangotola lomwe likumveka lapamwamba. Chiganizo chimatuluka cholondola pa malamulo a chiyankhulo, koma mwini Chingerezi akachiwerenga amamva chinthu china chimene wolembayo sanafune kunena. Nthawi zina amamva chipongwe pomwe panalibe chipongwe.

Mawu a kuyenda kwa thupi amasiyana pa chomwe chayambitsa kugwedezekako ndi komwe kukathera. Mawu a mumtima amasiyana pa chiweruzo chimene wolankhula akupereka kwa munthu amene walephera kusankhayo. Mukagwira ziwirizi, mulu uja umagawika wokha.

Munthu amene miyendo sikumumvera

Stagger ndi liwu loyamba kuligwira chifukwa limagwira ntchito zambiri. Munthu akupita patsogolo ndithu, koma dzandidzandi, thupi lonse likutayikira uku ndi uko. Choyambitsa chimakhala champhamvu: mowa, bala, nkhonya, katundu wolemera. Bambo wosenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchokera ku chigayo, “he staggered under the weight of the bag”. Woledzera wotuluka m'bala, “he staggered out”. Liwuli linalowa m'Chingerezi kuchokera ku chiyankhulo cha Old Norse cha anthu a ku Scandinavia, omwe anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England m'zaka za m'ma 800 ndi 900.

Chenjerani ndi ana ake awiri. Staggering nthawi zambiri silinena za kuyenda: “a staggering amount of money” ndi ndalama zochuluka moti wakumva amachita kakasi. Ndipo “staggered payments” ndi malipiro ogawidwa kuti asagwere tsiku limodzi, monganso “staggered working hours” ndi pamene antchito ayamba ndi kuweruka pa nthawi zosiyana. Pamenepa palibe amene akudzandira.

Totter ndi kufooka. Mapazi amaponda pafupipafupi, pang'onopang'ono, ndipo woonerera amafuna kuthamanga kukagwira. Agogo okalamba, wodwala amene wangodzuka pamphasa, mtsikana amene wavala nsapato za gogoda koyamba, onsewa ndi a totter. Mu stagger muli mphamvu yomwe yasokonezedwa, mu totter mphamvuyo yatha. N'chifukwa chake atolankhani amakonda kulemba “a tottering regime” ponena za boma lomwe laola m'kati ndipo langotsala pang'ono kugwa. Mwana wophunzira kuyenda ali ndi liwu lake losamvetsa chisoni, toddle, komwe kunachokera dzina lakuti toddler. Mukalemba kuti mwana “tottered”, owerenga amaona mwana amene watsala pang'ono kugwa. Mukalemba “toddled”, amaona kamwana kakuyenda mosangalatsa.

Teeter limafanana ndi totter pomveka, ndipo ku America anawaphatikiza kukhala teeter-totter, thabwa losewerera ana lomwe wina akakwera mnzake amatsika. Koma teeter limanena za malo: chinthu chili m'mphepete, chikupendekera uku ndi uko, ndipo sichidziwika ngati chigwe kapena ayi. Kapu ili pamlomo pa tebulo, galimoto yaima m'mbali mwa phompho. Mawu omwe amayenda nalo pafupifupi nthawi zonse ndi “on the edge of” ndi “on the brink of”. Banki ya ku America ya Lehman Brothers itagwa pa 15 September 2008, nkhani za chuma zinadzaza ndi mabanki ena omwe anali “teetering on the brink of collapse”. Mabankiwo sankayenda kupita kulikonse. Anali pamlomo pa dzenje. Pa katchulidwe, ife a zilembo zaliwu zisanu timavutika pang'ono, chifukwa teeter ndi titter timawatchula mofanana, pomwe titter ndi kuseka mobisa. Kokani i woyambayo kuti atalike.

Lurch ndi kamodzi, mwadzidzidzi, mwamphamvu. Minibasi ikanyamuka mwankhanza n'kuwatayira okwera kumbuyo, “the minibus lurched forward”. Linali liwu la amalinyero, ponena za sitima yapamadzi yopendekera mbali imodzi funde likaiomba. Mu ndale lili ndi mano: “lurch from one crisis to another” ndi boma kapena kampani yopanda chiwongolero, yomwe ikachoka m'vuto ili imakagwera m'linzake, ndipo “a lurch to the right” ndi chipani chosintha mfundo mwadzidzidzi popanda kulingalira. Mawu akuti “leave someone in the lurch”, kusiya mnzako pamavuto, anachokera kwina, ku masewera akale a ku France otchedwa lourche, ndiye musawasakanize ndi kudzandira.

Reel ndi chizungulire. Munthu wamenyedwa, dziko likuzungulira, akubwerera chambuyo. Masiku ano limapezeka kwambiri pa zomwe zimatsala tsoka likadutsa: mu March 2023 munthu akanalemba molondola kuti “Blantyre was reeling from Cyclone Freddy”, kutanthauza kuti mzindawo unali usanatsitsimuke ku nkhonyayo. Mperekezi wake ndi from. Baibulo la King James la mu 1611 linaika reel ndi stagger m'chiganizo chimodzi pa Salimo 107:27, ponena za amalinyero ogwidwa ndi namondwe: “They reel to and fro, and stagger like a drunken man.” Loyamba likunena za mutu wozungulira, lachiwiri za mapazi osalunjika.

Stumble silivuta, ndi kupunthwa. Phazi lagunda mwala kapena chitsa, munthu watsala pang'ono kugwa, mwina wagwa mwina wadzigwira. Chomwe chimasintha tanthauzo ndi mperekezi. “Stumble over a word” ndi kujejema powerenga. “Stumble on”, “stumble upon” ndi “stumble across” ndi kupeza chinthu mwangozi, usakuchifunafuna. Wolemba “the police stumbled upon the stolen goods” akunena kuti apolisi anapeza katunduyo mwamwayi, osati chifukwa cha kafukufuku wawo, ndipo apolisiwo sangakondwe nacho chiganizocho.

Wobble ndi sway: mlatho wa ku London

Awiriwa amakonda zinthu kuposa anthu. Wobble ndi kugwedera kwa chinthu chomwe chimayenera kukhala chokhazikika: tebulo la mwendo umodzi waufupi, gudumu la njinga ya kabaza lomwe lapindika, dzino la mwana lofuna kuguluka, mawu a munthu amene watsala pang'ono kulira. Mu wobble mumamveka kuti penapake pali cholakwika, ndiponso mumakhala kakuseketsa pang'ono. Sway ndi kuyenda kwa pang'onopang'ono, kosalala, kwa chinthu chomwe tsinde lake lagwira pansi: mtengo wa mgwalangwa pamphepo, chimanga m'munda, kwaya ikuyimba. Palibe cholakwika mu sway, mwinanso muli kukongola.

Nkhani ya Millennium Bridge imaonetsa bwino kusiyanaku. Mlathowu ndi wa anthu oyenda pansi, uli pa mtsinje wa Thames ku London, ndipo unatsegulidwa pa 10 June 2000. Anthu atachuluka pamwamba pake unayamba kupita uku ndi uko cham'mbali. Oyendawo, pofuna kudzigwira, anayamba kuponda mogwirizana ndi kugwedezekako, ndipo kuponda kwa pamodziko kunakukuza. Unatsekedwa patangopita masiku awiri, akatswiri anaikamo zipangizo zomeza kugwedezeka, ndipo unatsegulidwanso mu February 2002. Kunena mwa ukatswiri, mlathowo unkachita sway. Koma anthu a mu London anautcha “the Wobbly Bridge”, ndipo dzinalo linakakamira, chifukwa iwo sankafotokoza kayendedwe kake chabe. Ankanena kuti chinthu chodula chotero sichinayenera kugwedera.

Sway lili ndi ntchito ina yomwe wobble lilibe: kukopa. “The speech swayed the voters” ndi kunena kuti zolankhulazo zinapendeketsa ovota kupita mbali imodzi.

Kuchoka m'miyendo kupita mumtima

Chingerezi chinatenga pafupifupi mawu onse a njakata ku kayendedwe ka thupi. Vacillate linachokera ku Chilatini vacillare, kupendekera uku ndi uko. Dither poyamba linali kunjenjemera. Ngakhale stagger linkatanthauza kukayika: pa Aroma 4:20, King James akunena za Abrahamu kuti “he staggered not at the promise of God”, pomwe mabaibulo a Chingerezi chamakono, monga New International Version, amaikapo waver. Lero tanthauzo limenelo la stagger linafa. Mukalemba kuti “she staggered between two job offers”, wowerenga aona mayi woledzera pakati pa makalata awiri.

Hesitate ndi liwu lotetezeka kuposa onse. Muzu wake wa Chilatini umatanthauza kukakamira pamalo, ndipo ndi zomwezo: munthu waima pang'ono asanachite kapena asanayankhule. Sililoza chala. Kuimako kungakhale mantha, ulemu kapena nzeru. Dokotala amene “hesitated before answering” mwina akusankha mawu abwino ouzira abale. Limatsatiridwa ndi to: “I hesitate to say”, ndiponso mawu otsekera makalata a ntchito aja akuti “do not hesitate to contact me”. Ngati simukudziwa kuti musankhe liti, ndipo munthu amene mukumunenayo mumamulemekeza, tengani ili.

Waver limafuna kuti munthu akhale kuti anali ndi mbali kale. Anali wachipani chakutichakuti, anali wotsimikiza kukwatira, anali ndi chikhulupiriro, tsopano wayamba kulobodoka. Lawi la kandulo pamphepo nalonso limachita waver. Chifukwa cha ichi liwuli limapezeka kwambiri pokana, ngati chiyamikiro: “she never wavered”, “unwavering support”. Pa maliro ndi m'makalata othokoza mudzalimva kawirikawiri. Limathanso kuyenda ndi between, monga pa 1 Mafumu 18:21, pomwe Eliya pa phiri la Karimeli akufunsa Aisraeli kuti akhala mitima iwiri mpaka liti, ndipo New International Version ikuti “waver between two opinions”. Aisraeliwo anali ndi Mulungu wawo kale, n'chifukwa chake waver likukwanira bwino pamenepo kuposa hesitate. Pa kalembedwe, samalani ndi waiver la i pakati. Limatchulidwa chimodzimodzi koma ndi dzina la chikhululukiro cha lamulo kapena malipiro, monga “visa waiver” ndi “fee waiver”. Kulakwitsa kumeneku kumapezeka ngakhale m'nyuzipepala.

Falter anthu ambiri amaliika m'gulu la njakata, koma ine ndimaliona lili pakati. Silinena za kusankha pakati pa ziwiri. Limanena za mphamvu yomwe inalipo ndipo yayamba kuzilala: chuma chomwe chimakula chayamba kubwerera m'mbuyo, zokambirana za mtendere zayamba kutsimphina, mawu a wolankhula aduka pakati, timu yomwe imatsogola yafooka m'chigawo chachiwiri. Munthu wa waver akukayika ngati njira yomwe watenga ndi yoyenera. Munthu wa falter njira akuidziwa, koma mpweya wamuthera. Kusiyanaku n'kofunika polemba za munthu wodwala kapena wamasiye, chifukwa falter limamumvera chisoni pomwe waver likhoza kumveka ngati mukumunena kuti wataya chikhulupiriro.

Vacillate ndi liwu la m'mabuku ndi m'ndemanga za akonzi a nyuzipepala. Munthu wasankha ichi lero, mawa icho, mkuja wabwerera ku choyamba, ndipo zachitika kangapo. Muli chidzudzulo, koma chovala suti. Chilembo c chimatchulidwa ngati s. Ophunzira okonzekera mayeso amalikonda chifukwa limamveka lozama, ndipo amaliika pomwe munthu anangoima kamphindi. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa popanda kubwerezabwereza palibe vacillate. M'bale wake oscillate ndi wa sayansi: chingwe cha wotchi yapakhoma, magetsi, mitengo ya zinthu yokwera ndi kutsika. Mungalinene za maganizo a munthu, “he oscillated between hope and despair”, ndipo pamenepo simukumudzudzula, mukungofotokoza.

Dither ndi pamene muyenera kusamala kwambiri. Ndi liwu la tsiku ndi tsiku, lokondedwa ku Britain, ndipo lili ndi mnyozo. Munthu wa dither sakhala chete. Amatanganidwa, amafunsa uyu ndi uyo, amaitanitsa msonkhano wina, koma chiganizo sichituluka ndipo nthawi ikupita. Akuluakulu athu anamuona kalekale munthu wotere: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mu ndale za mayiko olankhula Chingerezi liwuli ndi chida. Mu 2005 magazini ya The Economist inatcha Paul Martin, nduna yaikulu ya Canada, “Mr Dithers”, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka anagonja pa chisankho cha January 2006. Gordon Brown, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Britain, analola mphekesera za chisankho chamsanga kukula kwa milungu ingapo, kenako mu October 2007 n'kulengeza kuti chisankhocho kulibe, ndipo otsutsa anamumata liwu lomweli. Boris Johnson, ali nduna yaikulu ya Britain mu 2019, ankabwerezabwereza “dither and delay” ponyoza nyumba ya malamulo pa nkhani ya Brexit, kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union. Onse amene anasankha liwuli ankafuna kuvulaza. Limayenda ndi over kapena about. Musaliike m'kalata yopita kwa abwana, kwa mfumu kapena kwa apongozi, ngakhale atakhala kuti akuchitadi zomwezo.

Wobble nalonso linawolokera mumtima, ndipo kumeneko ndi lofatsa kuposa dither. “Have a wobble” ndi kuchita mantha kwa kanthawi pa chinthu chomwe unatsimikiza kale, monga mkwati usiku woti mawa ukwati. Mu August 1990, Iraq italanda Kuwait, Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain, anauza George H. W. Bush, pulezidenti wa America, kuti ino si nthawi ya “go wobbly”. Akanati dither, kukanakhala kutukwana mtsogoleri mnzake. Ndi wobbly anamuchenjeza, koma anamusiyira mpata woti adzilimbitse popanda kuchita manyazi.

Mawu ang'onoang'ono a pakamwa

Awa ndi a pocheza, osati a m'malipoti. Shilly-shally linachokera ku funso lobwerezedwa lakuti “shall I, shall I”, ndipo ndi dither wamasewera. Dilly-dally limamveka lofanana nalo, koma ndi kuzengereza panjira, kutaya nthawi, monga mwana wotumidwa ku sitolo amene waima kuonerera mpira. Iye sanagwire njakata iliyonse. “Hum and haw” ku Britain, “hem and haw” ku America, ndi kujejema pofuna kuzemba yankho. “Sit on the fence” ndi nkhani ina: munthuyo mwina maganizo ali nawo, koma wasankha dala kusaonetsa mbali mpaka aone komwe mphepo ikulowera.

Awiri amasintha tanthauzo malinga ndi dziko. Waffle ku Britain ndi kulankhula zambiri zopanda mutu, pomwe ku America ndi kusinthasintha maganizo. Haver ku Scotland ndi kubwebweta zopusa, pomwe ku England ena amaligwiritsa ntchito ponena za kukayikakayika. Amene akukhala ku Glasgow kapena ku Manchester azimvetsera kaye momwe anzawo akuwanenera asanawatole.

Nkhani imodzi, aneni anayi

Tiyerekeze kuti komiti ya chitukuko ya m'mudzi yapatsidwa mjigo umodzi, ndipo pali malo awiri, pafupi ndi sukulu ndi pafupi ndi msika. Mlembi akulemba lipoti la Chingerezi lopita ku khonsolo.

Akalemba “the committee hesitated over the site”, akunena kuti komiti inaima kaye, mwina pa zifukwa zomveka, ndipo wowerenga sadzaona cholakwa. Akalemba “the committee wavered”, akunena kuti inali itagwirizana kale za malo amodzi, kenako wina anabwera ndi mawu ndipo ena anayamba kubwerera m'mbuyo. Wa ku khonsolo adzafuna kudziwa kuti anawagwedeza ndani. Akalemba “the committee vacillated between the two sites”, akunena kuti malo anasinthidwa kangapo, ndipo ayenera kukhala ndi masiku a misonkhano osonyeza kusinthako. Akalemba “the committee dithered”, wauza khonsolo kuti anthu awa ndi osathandiza, ndipo mjigowo ukhoza kupita ku mudzi wina chifukwa cha liwu limodzi la mlembi wawo yemwe.

Ngati chomwe chinachitika n'chakuti msonkhano unatha anthu asanamvane, mlembiyo safunika aliyense mwa aneni anayiwa. Alembe “the committee has not yet decided on the site”, atchule tsiku la msonkhano wotsatira, asayine.